Ba Counsel ba mumapatapata

Mu komboni mwathu munthu wosebenza amadziwika na nsapato. Ngati wazipukuta m'mawa, watuluka pa geti 06:00 isanakwane, waima pa siteshoni kukokana na ma ngwangwazi, ndiye kuti uli pa nchito. Koma 10:00 ikakupeza pa nyumba uli mu mapatapata, basi, ndiwe lofa, olo ukhale na mapepala angati. Lamulo ili silinalembedwe m'buku lililonse, koma ku Mtendere limagwila nchito kupambana malamulo ena amene anapita mu Parliament.

Ine nimagona chipinda chimodzi na munthu amene lamulo limeneli limamuluma tsiku na tsiku. Ni ba sisi, akulu anga obadwa nawo mimba imodzi. Anaphunzila za malamulo, digili ali nayo, ndipo chithunzi chawo cha graduation chili pa chipupa mu sitting room, pakati pa kalenda ya ku chalichi na chithunzi cha malemu atate. Kuyambila pa msika mpaka pa booth ya mobile money, aliyense amawaitana "ba Counsel". Koma masiku atatu pa wiki ba Counsel amenewa sapita ku town. Firm imene amasebenzako ni ing'ono, madesiki ni ochepa, ndipo kuchokela nthawi ya Covid loya wamkulu wa kumeneko, amene iwo amamuitana ba senior, anaona kuti mapepala amalembeka olo munthu ali kwawo. So pa Mande, pa Chitatu na pa Chinayi, ofesi ya ba sisi ni tebulo lathu lodyelapo nsima. Ine nchito yanga ya ma show na ma album launch imachitika usiku, masana ambili nimakhalapo, ndiye zonse nimaziona na maso anga.

Tiyambe takonza nkhani ya dzina. Ba sisi sanafike pokhala loya. Ambili timaganiza kuti ukavala chisoti cha graduation ku UNZA kapena ku UNILUS, mawa lake uyamba kuimilila anthu mu khoti. Iyai. Muno mu Zambia digili ni geti yoyamba chabe. Pambuyo pake uyenela kupita ku ZIALE, sukulu imene imakonzekeletsa anthu kukhala maloya, na kupasa mayeso ake. Kumeneko ma subject amawaitana ma "head", ndipo uyenela kuwatsiliza onse, palibe zakuti napasako ambili. Mayeso amenewa si masewela. Mu 2021 dziko lonse linakamba pamene zotsatila zinaonetsa kuti pa anthu 395 amene analemba, mmodzi chabe ndiye anapasa zonse. Ukapasa ndiye umaitanidwa ku bar, umalumbila pamaso pa Chief Justice, dzina lako limalowa m'buku la maloya, kenako umatenga chiphaso chosebenzela ku Law Association of Zambia, LAZ ija timaimvela pa nyuzi. Usanafike apo sungaimilile munthu mu khoti, sungasaine pepala ngati loya, ndipo kudzitcha loya n'kumalandila ndalama za anthu ni mlandu pansi pa Legal Practitioners Act. Ba sisi atsala na ma head awili. Imodzi ni ya ma akaunti, ndipo pa nyumba pano mawu akuti "balance sheet" sitiwakamba pa nthawi ya chakudya.

Ali ngati munthu amene wakwela basi koma wakhala pa ka mpando ka kondakita: ulendo ni umodzi na anzake, malo si ake. Nchito ya uloya amaigwila, koma dzina pansi pa pepala ni la wina.

Tsiku lawo siliyamba na alamu, limayamba na malaiti. Kuchokela pa chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba n'kufika pokhala maawa 17 pa tsiku mu mdima, kwina kupitilila, nyumba ino inaphunzila kugona khutu limodzi lili maso. Filiji ikangoyamba kulila pakati pa usiku, ba sisi auka. Kaya ni 02:00 kaya ni 03:00. Laputopu pa chaji, foni pa chaji, ma power bank awili, ka nyale, shati yoyela pa ayini. Ine nimangomvela ma switch, n'kutembenuka, n'kupitiliza tulo. Iwo tulo tukathawa amatsegula ma notes a mayeso mpaka tambala wa ba neba ayambe zake.

Kukacha, nkhondo yoyamba ni ya amai. Amai amagulitsa salaula, ndipo asanapite ku msika amasiya malamulo awo.

"Iwe, pakuti ulipo chabe pa nyumba, uikeko kabulangeti pa mbaula. Wa malasha akapita ugule ya twenty. Na manzi yakabwela uzuzeko ma bucket."

"Mami, nili pa nchito lelo."

"Nchito ya pa foni? Nanga nyemba zizakugwila pakamwa?"

Amai sakamba izi mwa nkhanza, musawamvele molakwika. Ni amene analipila ma fees na ndalama za mabelo na za chilimba, zaka zonse zija, popanda kugula chitenge chatsopano. Chabe m'mutu mwawo nchito ni chinthu chimene umabwelako madzulo uli wolema, fumbi lili ku mapazi. Munthu wokhala pa mpando kuyang'ana ka TV kang'ono, kwa iwo akupumula. Ndiye nyemba zimaikidwa. Ma affidavit ambili a firm ija alembedwa pambali pa poto ya kabulangeti, ndipo ma client sadziwa.

08:00 kumakhala miting'i ya pa vidiyo. Apa m'pamene nimaseka mwakachetechete. Kuchokela m'chiuno kupita kumwamba, ba sisi ni munthu wa ku High Court: shati yoyela yosita, jekete yakuda, tsitsi lomanga bwino. Kuchokela m'chiuno kupita pansi ni chitenge cha ku chalichi na mapatapata a mitundu iwili, chifukwa inzake ya buluu inaduka. Kamela imayang'ana ku katani, pakuti mbali inayo kuli display ya amai na mbale zimene sitidyelamo. Mpando uyenela kukhala pafupi na windo, ndiye pamene network imagwila.

Ndipo komboni siidziwa kuti kuli miting'i. Wa ma welding wayatsa grinder. Amai a ndiwo akupita, "chibwabwa, impwa, kalembula!" Mnyamata wa pa bar akuyesa sipika. Nyimbo za Yo Maps ine nimazikonda, nimadyela momwemo, koma osati 08:15 pamene munthu akufotokozela bwana wake za injunction. Chala cha ba sisi chinazolowela kukhala pa batani la mute ngati cha msilikali pa mfuti. Akamba mawu asanu, mute. Ayankha "yes, senior", mute. Miting'i ikatha amakhala na mndandanda wa zochita pa ka pepala, ndipo pa tsiku limene nikamba, chachikulu chinali mapepala a mlandu wina ofunika kufika kwa ba senior 14:00 isanakwane, kuti asainidwe n'kukasiyidwa ku khoti tsiku lomwelo.

Mafilimu anatinamiza, anzanga. Ife timadziwa loya woimilila, kuloza chala, kukuwa "objection", jaji n'kumenya ka hamala. Nchito yeniyeni, makamaka ya munthu amene angoyamba kumene, ni kuwelenga na kulemba, kuwelenga na kulemba, mpaka msana uyambe kudandaula. Kalata youza munthu wa nkhongole kuti alipile asanamutengele ku khoti. Kufufuza ku PACRA kuti kampani yakuti eni ake ni ndani, ndipo ilipodi kapena ni ya m'chikwama. Kufufuza ku Ministry of Lands ngati plot imene munthu afuna kugula ili m'dzina la wogulitsayo, pakuti mu Lusaka muno plot imodzi imatha kukhala na eni ake atatu, aliyense na pepala lake.

Chimene chimadya nthawi kwambili ni kusakila milandu yakale. Mu khoti sungangokamba kuti "ichi si chilungamo". Uyenela kuonetsa kuti pa nkhani yofanana na iyi, Supreme Court kapena Court of Appeal inagamula chakuti, m'chaka chakuti. Ba sisi amakhala pa ZambiaLII, kumene ziweluzo zambili zimapezeka mahala pa intaneti, kuwelenga chiweluzo cha mapeji makumi kuti apezemo ndime imodzi. Akaipeza sasangalala msanga. Ayenela kuonanso ngati khoti lina lapamwamba silinabwele pambuyo n'kusintha maganizo, chifukwa kupatsa ba senior mlandu umene unagwetsedwa kale ni kuwatuma kuti akachite manyazi pamaso pa jaji. Palinso chibuku china amachitcha White Book, malamulo a kayendetsedwe ka milandu a ku England a mu 1999. Eni ake anachisiya kale, koma makhoti athu amachitsegulabe pamene malamulo athu sanakambepo kanthu. Ba sisi ali nacho mu laputopu, ndipo chikamatseguka laputopu imapuma ngati ikukwela phili.

Koma nchito imene ine nimaikonda kuonelela ni ya affidavit. Client amatuma voice note ya maminitsi khumi na imodzi, mu Chinyanja chosakaniza na Chibemba, kuyambila kumene anadziwana na mnzake wa bizinesi, kupita ku maliro a apongozi, kubwelela ku ndalama, kutukwanako pang'ono, kulila, n'kutsiliza na "mwamvela ka". Ba sisi amamvela na ma earphone katatu. Kenako amachotsa misozi, matukwano na maliro, n'kusiya zimene zinachitika: tsiku, malo, ndalama zingati, ndani anapatsa ndani. Zimenezi amaziika mu Chingelezi, m'ndime za manambala, iliyonse kuyamba na "That". Mu affidavit simulowa mkangano wa malamulo, mumalowa chabe zimene munthu angalumbile kuti ni zoona. Nikayang'ana nimaona kuti theka la uloya mu Zambia ni kumasulila. Anthu amavutika mu Chinyanja, khoti imamvela mu Chingelezi, ndipo pakati pamafunika munthu.

Voice note imeneyo ine sin'naimvelepo, ndipo apa pali nkhani ina imene anthu osebenzela mu ma ofesi saiganizila. Loya ayenela kusunga chinsinsi cha client. Ku town ni chapafupi: watseka chitseko, wakhoma kabati. Manje yesani kusunga chinsinsi mu nyumba ya zipinda zitatu, yopanda siling'i, imene ba neba akayetsemula timayankha kuti "pepani". Mafaelo ba sisi amawakhomela mu sutikesi ija anapita nayo ku boarding, kiyi ili pa khosi. Foni ya client ikalila amathamangila ku bafa, ndiye kokha kumene kuli chitseko chokhoma bwino. Ndipo ine, mng'ono wawo weniweni, ndine mdani woyamba, pakuti ndine mtolankhani. Nikangoyandikila ku tebulo, laputopu yatsekedwa. "Iwe na nyuzipepala yako, khala uko." Nayesapo kuwanyengelela na chips na soseji, sizinagwile. Zonse zimene nalemba muno ni zimene zimaoneka munthu uli pa mpando wa ku kona, za mkati mwa mafaelo sin'dziwa olo dzina limodzi.

Manje tifike pa chitseko. Munthu wosebenzela ku town ali na secretary. Ba sisi ali na chitseko cha mapulanga chimene komboni yonse imadziwa kuti kuseli kwake kuli "loya wa mahala". Msuweni wathu wa ugadi amabwela kufunsa za gratuity, ndipo amauzidwa kuti Employment Code Act ya 2019 imakamba 25 pelesenti ya basic pay kontilakiti yaitali ikatha. Amai ena mwana wawo wagona mu cell, afuna kudziwa kuti police bond ni zingati, n'kudabwa kumvela kuti ni ya mahala. Oimba anga nawonso anadziwa, amanitumila zithunzi za makontilakiti pa WhatsApp, "boi, ba sisi bako bangaoneko chabe page two". Ambili mwa awa ba sisi amawayankha ali chiimile, dzanja limodzi pa chitseko.

Koma tsiku lija, cha m'ma 10:40, "odi" amene anamveka anali wa mtundu wina. Anali amai ena a mu line mwathu, amene amuna awo tinawaika mwezi wathawo. Duku yakuda kumutu, envelopu ya khaki m'manja.

"Ba Counsel, nabwela na ka nkhani kang'ono chabe."

Ba sisi anayang'ana laputopu. Malaiti anali atapita kale, batile inali pa 41, mapepala a 14:00 anali pakati. Anatseka laputopu, n'kukoka mpando.

Nkhani yake mwaimvelapo, mwina inachitika pa nyumba panu. Mwamuna wamwalila osasiya wilo. Ana atatu, wamkulu ali mu giledi 9. Maliro atangotha, mlamu, mkulu wa malemu, wanena kuti banja lamusankha kukhala administrator. TV yapita, filiji yapita, "tikusungilani". Manje akufuna mapepala a nyumba, akuti pali munthu wofuna kugula, ndipo amaiwa abwelele kwawo pakuti "bakali bang'ono, bazakwatiwa futi".

"Ba anti," anatelo ba sisi, "niyambe nakuuzani zoona. Ine nikalibe kunkhala loya, siningakuimilileni. Koma vamene lamulo ikamba ningakuuzeni, ivo ni va aliyense."

Anatenga pepala n'kulemba manambala akuluakulu. Munthu akamwalila osasiya wilo, Intestate Succession Act ya 1989 ndiye imagawa chuma. Ana 50 pelesenti. Mkazi kapena mwamuna wotsala 20. Makolo a malemu 20. Ena amene anali kudalila malemu 10. Anatembenuza pepala kuti amai aja aone bwino.

"Ba mulamu banu mwabaona apa?"

"Iyai."

"Sibalipo. Kuchosako ngati benze kusungiwa na amuna banu."

Anapitiliza. Katundu wa m'nyumba, TV na filiji zomwezo, ni wa mkazi na ana. Nyumba ni ya mkazi na ana, ndipo mkazi ali na ufulu wokhalamo moyo wake wonse, pokhapokha akakwatiwanso. Administrator si mwini chuma, ni wosunga na wogawa chabe. Miting'i ya banja pa maliro siikwanila kumupanga administrator, mphamvu imachokela ku khoti, ndipo olo khoti imusankhe sangagulitse nyumba popanda chilolezo cha khoti. Kulanda mkazi wamasiye na ana gawo lawo ni mlandu. Anawauza kopita: ku polisi ku Victim Support Unit pa nkhani ya katundu amene watengedwa, ku Legal Aid Board kapena ku National Legal Aid Clinic for Women kuti apeze loya popanda kugulitsa mbaula. Anawauza kuti mapepala a nyumba asawapeleke kwa munthu aliyense, ndipo pomwepo anawajambula onse na foni ya amaiwo, peji na peji, kuti olo envelopu isowe, zithunzi zikhalepo.

Amai aja anamvetsela zonse, akugwedeza mutu. Kenako anakamba chimene anabwelela.

"Manje mwana wanga, ivo va ma office vizatenga nthawi. Uja muntu abwela pa Sabata. Nilembeleni chabe ka kalata ka Chizungu, muike dzina yanu na ya kampani yanu, aziyopa. Nizakupasani ka something."

"Siningakwanise, ba anti."

"Ka kalata chabe?"

"Kalata ya so isainiwa na loya. Nikalemba ine, nanama. Uja akaitenga kuyenda nayo kwa loya wa zoona, kalata yafa, imwe mwaoneka monga ndimwe ba boza, na ine bangandiletse kulumbila mpaka kalekale."

Amai aja anapinda pepala la manambala, n'kuliika mu envelopu. Ataimilila anafunsa, osati mokalipa, koma motsika ngati akudzifunsa okha: "Nanga zaka zonse zija munaphunzila chani?"

Kunena zoona, mtima wanga unali kumbali ya ba anti, ndipo mbali ina ukali komweko. Munthu wamasiye wabwela pa khomo pako, iwe Chingelezi uli nacho, laputopu ili apo, logo ya firm ili mkati. Maminitsi khumi chabe. Mlamu wa mtundu uja saopa lamulo, amaopa pepala la mutu wosindikiza. Koma nimadziwanso zimene zili pa sikelo mbali inayo: zaka za digili, chaka cha ZIALE, mabelo onse a salaula amene amai anatsegula, na dzina la firm imene silili lawo kuti alibweleke. Ku bar salandila munthu chifukwa cha mayeso okha, amaonanso khalidwe. Ndipo mu komboni kalata imodzi siikhala imodzi. Pofika pa Sondo pakanakhala mzele pa geti.

Ba sisi anakhala chete kwa kanthawi, akuyang'ana laputopu yotseka. Chimene chinawautsa ni fungo. Madzi anali atauma mu kabulangeti.

Kuchokela apo tsiku linathamanga. 12:30 anatuma draft. 12:50 inabwelako yofiila ngati mbuzi yosenda: ba senior amakonza na track changes, ndipo sasiya olo koma imodzi. Ndime 7 ichoke, ndime 12 igawike pawili, mlandu uja wa Supreme Court ulembedwe na citation yonse. Batile 14. Ba sisi anavula chitenge, n'kuvala siketi, laputopu mu chikwama, ulendo wa ku barbershop ya pa kona kumene kuli sola. Mwini wake amalipilitsa ka ndalama pochaja, koma ba Counsel amawapatsa na mpando. Mapepala amene anakalowa ku High Court masana amenewo anatsilizidwa pakati pa anyamata awili ometa ma fade, akukangana za Arsenal. Anawatuma 13:52. Ba senior anayankha na liwu limodzi, "Received". Ku firm anapulinta, ba senior anasaina, mnyamata wa ofesi anathamanga nawo ku registry. Dzina la ba sisi silinalipo pa peji iliyonse.

Masana amakhala ozizila, ndipo ni nthawi imene ine nimawamvela chifundo kwambili. Anthu amati kusebenzela pa nyumba ni kudya bwino: palibe transport, palibe jam ya pa Great East Road, lunch ni nsima ya dzulo. Ni zoona, ndipo pa ka allowance kamene amalandila, ndalama ya basi ya masiku atatu si yochepa. Koma kwa munthu amene akali kuphunzila nchito, ine nimaona kuti nyumba imamubela. Ku ofesi umaphunzila na makutu: mmene ba senior amakambila na client wokwiya, mmene amakanila munthu mwaulemu, nkhani za mu corridor zakuti jaji wakuti safuna munthu wochedwa. Ukakakamila umatembenuka n'kufunsa wa pa desiki inayo. Pa tebulo lathu ukakakamila uli wekha, na funso limene uchita nalo manyazi kulituma pa WhatsApp kwa bwana. Ndipo foni ili pafupi. Ukangotsegula Facebook, mnzako wa mu kilasi imodzi waponya zithunzi ali mu wigi na gauni kutsogolo kwa khoti, banja lonse mu vitenge vofanana. Ba sisi amaika ka mtima, amalemba "congratulations counsel", n'kutembenuza foni chafufumimba.

Cha m'ma 16:00 anaimbila ba senior pa nkhani ina, ndipo kumapeto n'namvela mawu awo atasintha, atakhala aja a mwana wopempha. Anafotokoza kuti pali mayi wamasiye mu komboni, osatchula dzina, n'kufunsa ngati firm ingathandizeko popanda malipilo. Yankho sin'naimvele. Anangoti "thank you, senior", n'kulemba kanthu pa dzanja na bolopeni.

Ofesi ya pa nyumba ilibe nthawi yowelukila. 17:00 imafika, palibe amene amaimilila, palibe geti yotuluka. Chimene chimatseka ofesi ni njala ya anthu ena: tebulo lifunika. Mafaelo mu sutikesi, laputopu pa bedi, mbale pa tebulo. Amai anafika mdima utayamba, ndipo nkhani inali itawapeza kale ku msika, pakuti mu komboni nyuzi siidikila Lachisanu ngati yathu ino.

"Nimvela wakana kutandiza amake uja mwana."

"Siinakane, Mami. Nabauza kwamene bangayende."

Amai analawa nyemba, anamva kuti zinapselela, sanakambepo kanthu. Anadya nthongo ziwili.

"Uja muzimai saziba ma office. Akafika paja bazamuuza 'bwelani mailo', azabwelela. Mailo umupeleke."

"Mailo nili ku town, Mami. Nifunika kufika 08:00."

"Ndiye bwino. Ni njila imozi. Muzauka 05:00."

Tili pakati pa kudya, kamtsikana ka amai aja, kaja ka giledi 9, kanagogoda na mbale yovundikila. Chikanda, chodula bwino, na tsabola pambali. Ba sisi anayamba kufotokoza kuti sangalandile malipilo, koma amai anali atatenga kale mbale. "Chikanda si ndalama," anatelo, n'kuuza mwanayo kuti akauze amake akonzeke m'mamawa, asaiwale envelopu na makadi a ana a ku kiliniki.

Ine n'nayamba kuvala cha m'ma 21:00, kunali show ku Kabwata. Ba sisi anali pa bedi, ka nyale pa pilo, buku la ma akaunti pa maondo, akunong'ona ma debit na ma credit ngati pemphelo. Pa dzanja pawo panali palembedwe "bring her 10:30", inki itayamba kufufutika na madzi otsukila mbale. Foni inalila. Ba senior. Pali kalata ifunika m'mawa, client asanakwele ndege ya ku Ndola.

"Batile ili pa zingati?" n'nafunsa.

"Nine."

N'nawasiyila power bank yanga, n'kupita ku show na foni ya 30 pelesenti.